Pedulo ikauma ngati njerwa: kusaka vuto la mabuleki pa 4x4 ya dizilo

Ndinkachokera ku Namwera ndi matumba a nandolo, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Amene amayenda msewu wa ku Chiponde akudziwa mmene mtsetse wa Chowe ulili: ukamati wamaliza kukhota uku, kukhota kwina kwakudikira kale. Pokhota poyamba ndinaponda buleki, Hilux n'kumvera. Pachiwiri n'kumveranso. Pofika pachitatu pedulo inali itauma gwa, ngati ndikuponda njerwa yootcha. Ndinachita kunyamuka pampando, manja pachiwongolero, mapazi onse awiri pa pedulo, ndipo galimoto inkachepetsa liwiro monyinyirika ngati ng'ombe yapangolo. Mnyamata wonyamula katundu amene ndinali naye anangogwira chitseko, osatulutsa liwu. Tinadzafika pa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi malaya anga atanyoweratu.

Vuto limeneli linandidyera ndalama katatu ndisanalimvetse. Nthawi zonse zitatu ndinkagula chinthu ndisanayeze kalikonse.

Choyamba n'chakuti mawu akuti "mabuleki sakugwira" amasokeretsa. Mukangonena choncho pagalaja, mnyamata wagwira kale sipanala kuti abilide, ndiko kuti atulutse mpweya m'mapaipi a mabuleki. Komatu phazi lanu limadziwa zambiri kuposa pamenepo. Pedulo ikamafewa ngati papaya lakupsa, n'kumagwira pokhapokha mutapopa kawiri katatu, ndiye kuti m'mapaipi a fluid, mafuta a mabuleki aja, mwalowa mpweya, kapena mabuleki akumbuyo atalikira. Kubilida ndi kuseta kumathandiza. Ikamagwira koma n'kumatsika pang'onopang'ono mutaipondereza, kayang'aneni malabala a master cylinder, kapampu kamene pedulo imakankha kuti fluid apite ku mawilo, kapena pamene fluid akuthawira. Koma ikakhala pamwamba, youma, yosafuna kulowa, galimoto n'kumaima pokhapokha mutaika thupi lonse, nkhani si ya fluid ayi. Chimene chimathandiza mwendo wanu ndicho chafooka. Ine ndinabiliditsa, n'kugulanso mapadi atsopano, zonsezo osasintha kanthu.

Chimene chimakupondererani buleki

Kuseri kwa master cylinder, chakukhoma la injini, kuli chinthu chakuda chozungulira ngati mapoto awiri ovundikirana. Imeneyo ndiyo booster. M'kati mwake muli labala lalikulu logawa zipinda ziwiri. Injini ikamalira, mpweya umakokedwa kuchoka m'zipinda zonse ziwiri, ndiye vacuum imene amakaniko amanenayo. Mukaponda pedulo, kavalavu kamatsegulira mpweya wakunja kulowa m'chipinda chakumbuyo chokha, ndipo mpweyawo umakankha labala lija kupita kutsogolo. Si mphamvu yamasewera. Labala lotambalala masentimita 23, vacuum ili bwino, limatha kukankha ndi mphamvu yoposa makilogalamu 300. Amenewo ndi matumba 6 a chimanga atatsamira pa pedulo limodzi ndi inu. Vacuum ikatha, matumba aja achoka, mwatsala nokha.

Pa galimoto ya petulo vacuum imapezeka yaulere, chifukwa injini imakoka mpweya kudzera pakhomo lotsekeka pang'ono. Ya dizilo siitero. Liwiro lake limatengera kuchuluka kwa dizilo amene walowa, mpweya umangolowa momasuka, motero palibe vacuum yokwanira. N'chifukwa chake anaiikira kapampu kakekake. Pa mainjini akale amene adzaza kuno, monga 2L, 3L ndi 5L a Toyota, 4D56 ya Mitsubishi ndi 4JB1 ya Isuzu, vacuum pump imakhala kumbuyo kwa alternator, makina otchaja batire, ndipo zimazungulira pamodzi ndi lamba. Pa 1HZ ya Land Cruiser ndi 2KD ya Hilux, pampu imamangidwa pa injini penipeni n'kumayendetsedwa ndi magiya. Kuchokera pa pampu pamatuluka paipi, n'kudutsa pa check valve, kavalavu kolola mpweya kudutsa mbali imodzi yokha, mwina pa kathanki kosungira vacuum, mpaka kukafika ku booster. Ulendo wonse wosaka vutoli ndi wotsatira paipi imeneyi basi.

Kuyeza ndi phazi, galimoto itaima

Imikani pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki. Injini ili yozima, pondani pedulo kasanu kapena kasanu n'kamodzi mpaka itauma. Pamenepo mwatha vacuum yonse imene inatsalira. Pondani molimba osachotsa phazi, kenako lizani injini. Zinthu zikakhala bwino, pedulo imatsika pang'ono pansi pa phazi lanu, ngati yapumira. Ikapanda kusuntha n'komwe, booster sikulandira vacuum kapena yafa. Ikatsika koma mochedwa, patapita masekondi angapo, vacuum ilipo koma ikubwera movutikira, ndipo ameneyu ndiye mdani wa pa Chowe uja.

Kenako isiyeni injini ilire kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, muzimitse, mudikire pang'ono. Pondani pang'onopang'ono katatu. Koyamba izilowa kwambiri, kachiwiri pang'ono, kachitatu izikhala itakwera n'kuuma. Ngati yauma kale pa kuponda koyamba, vacuum ikuthawa injini ikangozima: check valve, labala limene paipi imalowera mu booster, kapena booster yeniyeniyo.

Kuyeza kwachitatu, lizani injini, pondani buleki, ndipo zimitsani phazi likadali pomwepo. Gwirani masekondi 30. Pedulo ikayamba kukukankhani phazi kubwerera m'mwamba, booster ikutaya vacuum pamene yapondedwa, ndipo kawirikawiri ndi labala lake lam'kati.

Pali kuyeza kwina kumene ambiri amadumpha, pomwe ndi kumene kumagwira vuto lobwerezabwereza. Injini ikulira payokha osaponda mafuta, pondani ndi kusiya buleki mofulumira maulendo angapo motsatizana. Pa dizilo iliyonse pedulo imalimbako pang'ono mukaipopa chonchi, chifukwa kuponda kulikonse kumadya vacuum. Chofunika n'kuona kuti yauma pa kuponda kwachingati, ndipo yatenga nthawi yaitali bwanji kuti ifewenso. Yabwino imabwerera pakangopita kamphindi. Yanga inkauma pa kuponda kwachitatu, n'kutenga nthawi yoti munthu angathe kuyankha foni isanabwerere. Pamsewu wosalala wa ku Monkey Bay, pamene umaponda buleki kamodzi pakapita nthawi, sindikanadziwa kuti pali vuto. Limaonekera pamtsetse, pamsika pamene njinga za kabaza zikukudutsa uku ndi uku, kapena pobwerera m'mbuyo pamalo opanikizika, injini ikulira motsika, pampu ikuzungulira pang'onopang'ono.

Chenjezo limodzi kwa amene anazolowera magalimoto a petulo: kumeneko booster ikaboola, injini imanjenjemera mukaponda buleki, chifukwa mpweya wakuba umalowa mu injini. Pa dizilo musadikire chizindikiro chimenecho. Injini imangolira bwinobwino ngati palibe chachitika. Tcherani khutu pansi pa dashibodi m'malo mwake. Kaphokoso kakafupi ka "fuu" poponda n'kabwinobwino, ndi mpweya ukulowa. Kakapitirira nthawi yonse imene phazi lili pa pedulo, booster ikutaya.

Chala chachikulu pa paipi

Nditalephera ndi mapadi, ndinauzidwa kuti booster yatha. Ndinaitanitsa yakale yochotsedwa pa galimoto ina kuchokera ku Blantyre, inabwera pa minibasi, tinamanga tsiku lathunthu. Pedulo inakhala chimodzimodzi. Ndipamene ndinapita kwa mkulu wina amene amakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango, wopanda ngakhale chikwangwani. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, "Achimwene, booster mwagulayo munaifunsa ngati ikudya?" Anazula paipi pa booster, n'kundiuza kuti ndilize. Anaika chala chachikulu pakamwa pa paipiyo, n'kudikira, n'kudikirabe. Kenako anagwira dzanja langa n'kuika chala changa pomwepo. Inkakoka ndithu, koma mofooka, ngati mwana wodwala akuyamwa. "Yabwino imakugwira chala nthawi yomweyo, pochotsa imalira kuti pho," anatero.

Kuyeza kumeneku kumagawa vuto pawiri, ndipo sikulira ndalama. Paipi ikamakoka mwamphamvu pamene ikulowera mu booster, vuto lili mu booster kapena ku mawilo. Ikamakoka mofooka, bwererani nayo m'mbuyo. Zulani paipi pa pampu penipeni muyeze pamenepo. Pampu ikamakoka bwino koma ku booster kukufika zochepa, vacuum ikutayikira panjira.

Amene ali ndi geji yoyezera vacuum amaona bwino koposa. Pampu yamoyo imafika pakati pa 600 ndi 700 mmHg, kapena kuti 80 mpaka 90 kPa, ndipo imafikapo msanga. Ikamakanika kudutsa 500, kapena singano ikamakwera ngati nkhono, yatopa. Geji ikalumikizidwa pakati pa check valve ndi booster, mukazimitsa injini singano izikhala pafupifupi malo amodzi. Mabuku ambiri okonzera magalimoto a ku Japan salola kuti itsike kuposa 25 mmHg pa masekondi 15. Kuno kunyanja tili m'munsi, mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye geji imawerenga mokwera. Galimoto yomweyo mukaiyeza ku Dedza idzaonetsa zotsikirapo pang'ono, popeza mpweya wakumapiri ndi wopepuka. Limenelo si vuto.

Panjira pali malo angapo okayikitsa. Paipi ya labala imauma ndi kutentha kwathu kuno n'kung'ambika kumapeto, pansi pa kilampu pamene diso silifika, ipindeni muone. Ina imaoneka yabwino kunja koma inafewa m'kati chifukwa cha oyilo, ndipo vacuum ikakwera imadziphwatika yokha n'kutseka njira. Ndaonapo galimoto itamangidwa paipi ya madzi ya m'dimba pamalo amenewa. Imagwira ntchito m'mawa, injini ikatentha n'kuphwatalala. Pamafunika paipi yolimba yopangidwira vacuum. Check valve muichotse, muipukute, muuzire ndi pakamwa: mpweya uzidutsa kuchokera mbali ya booster kupita mbali ya pampu, kwinako uzikana. Ikamadutsa mbali zonse, kapena kukana mbali zonse, yatha. Pa magalimoto ena imabisika m'kati mwa paipi momwemo, ndipo munthu akasintha paipi amaitaya osadziwa, kapena kuimanga chozondoka.

Ndiye pali timapaipi ting'onoting'ono timene timapatuka pa paipi yaikulu. Apa ndi pamene 4x4 imasiyana ndi galimoto wamba. Vacuum yomweyo imagwiritsidwanso ntchito pa EGR (valavu yobwezera utsi wina mu injini), pa turbo ya mainjini ena, pa booster ya kilatchi ngati ilipo, ndipo pa Pajero ndi ma Hilux Surf ena ndi imene imalumikiza ekiselo yakutsogolo mukalowetsa 4x4. Timapaipi ta ku ekiseloto timadutsa pansi, kumene zitsa, matope ndi mchenga wa njira ya ku Makanjira zimatipeza. Kamodzi kakazuka, pampu imangokoka mpweya wakunja ndi fumbi lomwe. Ngati mabuleki amauma mukalowetsa 4x4, kapena anayamba kuuma mutachokera kutchire, yambirani kumeneko. Njira yake ndi kutseka timapaipito kamodzikamodzi, n'kumaona ngati pedulo yasintha. Kathanki kosungira vacuum nako kamachita dzimbiri n'kubooka pansi, makamaka pa galimoto yoolokaoloka madzi.

Pampu, ndi chifukwa chake vutoli limabwerera

Kwa ine pampu ndiyo inali yofooka. Tisanaimasule, mkulu uja anayamba wakanikiza lamba ndi chala, chifukwa lamba wolefuka kapena wonyowa ndi oyilo amaterereka, ndipo pampu ya pa alternator imafooka naye limodzi. Lamba ameneyu akaduka muli pa ulendo, musamangoganiza za batire ndi kutentha kwa injini. Mwatsala ndi kuponda kuwiri kapena kutatu kofewa, kenako njerwa. Palinso vuto lina lobisika: mano a shafiti ya alternator amene amazunguza pampu amatha kudyeka, alternator n'kumatchaja bwinobwino pamene pampu yangokhala.

Wanga lamba anali bwino. Titatsegula pampu tinapeza timapeni take tam'kati, timene timatsetsereka n'kumakokolola mpweya, titadyeka, khoma lake litakalikakalika. Ndinagula alternator ina yokhala ndi pampu yake, tinamanga, pedulo inafewa ngati ya galimoto yatsopano. Ndinasangalala miyezi yowerengeka chabe. Mvula isanathe, njerwa ija inabwerera.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Pampu imeneyi imakhala ndi moyo chifukwa cha oyilo wa injini. Pali kapaipi kopyapyala kobweretsa oyilo kuchokera ku injini, ndi paipi yokulirapo yomubwezera ku sampu, pansi pa injini pamene oyilo amakhala. Oyiloyo amafewetsa, amaziziritsa, komanso ndi amene amamata mipata kuti pampu ikoke mwamphamvu. Pomanga alternator yatsopano tinangobwezera kapaipi kakale osakayang'ana. Ulendo uno mkulu uja anamasula bauti yoboola pakati imene imamanga kapaipiko, n'kuiyang'anitsa kudzuwa. Kabowo kake kanali katatsekeka ndi phala lakuda, louma ngati phula. Anakatokosa ndi kawaya ka buleki ya njinga, n'kutuluka kachibulumwa kochepa kuposa njere ya mpunga. "Kakupherani mapampu awiri ndi aka," anatero, akukapukutira pa ovolosi. Sanandinyoze, koma anafunsa kuti oyilo ndimasintha liti, ndipo ndinayang'ana kumbali.

Choncho musamange pampu ina musanaone kuti oyilo akufika. Masulani kapaipi kumbali ya pampu, kalozetseni m'chitini, wina alize injini kwa masekondi owerengeka: oyilo azituluka mothamanga, osati modontha. Tsukani kapaipi ndi bauti yake ndi dizilo, muuzire mpweya, muike mawashala atsopano. Yang'ananinso paipi yobwezera. Ikapindika kapena kutsekeka, oyilo amasowa kolowera, amaboola silu n'kulowa mu alternator, kapena kukwera m'paipi ya vacuum n'kukaononga check valve ndi labala la booster. Ikang'ambika ndiye zoopsa kwambiri, chifukwa imataya oyilo wa injini muli pa liwiro. Pampu yatsopano muithire oyilo pang'ono m'kati musanailize koyamba.

Booster nayo ili ndi chimene chimaipha mobwereza. Mukaipeza yafadi, masulani manati awiri a master cylinder muyang'ane kumbuyo kwake. Mukapeza ponyowa, kapena penti ya booster itasupuka m'munsi mwake, fluid wakhala akudontha kulowa mu booster n'kumadya labala. Nthawi zambiri mwini galimoto amakhala akuwonjezera fluid mwezi ndi mwezi osaona pamene akugwera. Kumanga booster ina osakonza master cylinder n'kuitengera kokaphedwa. Ndipo pomanga ina, kachitsulo kake kokankha master cylinder kasetedwe bwino: kakatalika mabuleki amamanga okha galimoto ikatentha, kakafupika pedulo imayenda ulendo wautali isanagwire. Kumbali ya pedulo kuli kasefa ka mpweya wolowa mu booster. Fumbi la m'chilimwe likakatseka, thandizo limabwera mochedwa mukaponda mwadzidzidzi.

Vacuum ili bwino koma galimoto siikuima

Zimachitika. Pamenepo pitani ku mawilo. Mapisitoni a caliper, chitsulo chimene chimapanitsa mapadi, ndi timapini take zimagwidwa ndi dzimbiri galimoto ikamalowa m'madzi ndi m'matope. Pedulo imauma chifukwa palibe chikusuntha. Mapadi otsika mtengo akapsa pamtsetse amasalala n'kumawala ngati galasi. Kumbuyo, silu ya ekiselo ikatha, oyilo wa difu, magiya a mu ekiselomo, amanyowetsa mabuleki. Pa mapikapu pali valavu kumbuyo, yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo, imene imawonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikalemedwa. Anthu akawonjezera masipuling'i kuti azinyamula usipa wambiri, galimoto imakwera, valavu n'kumaona ngati ilibe katundu, ndipo mawilo akutsogolo amatsala akugwira okha ntchito. Matayala aakulu kuposa amene inabwera nawo amafooketsanso mabuleki ngakhale zonse zili bwino.

Eni a Land Cruiser 100, Prado zina ndi Pajero zoyambira cha m'ma 2000 ayambe ayang'ana ngati ali ndi poto wakuda uja n'komwe. Zambiri mwa zimenezi zilibe booster ya vacuum. Zili ndi mota yamagetsi imene imapopa fluid n'kumusunga mothinikizidwa m'kabotolo kachitsulo. Mukatsegula kiyi mumaimva ikulira kwa kanthawi n'kusiya. Ikamalira pafupipafupi, kapena osasiya, kapena alamu ikamalira pa dashibodi, vuto lili pa mota kapena kabotoloko. Musamasule paipi iliyonse pamenepo musanazimitse kiyi ndi kuponda pedulo maulendo pafupifupi 40 kuti mphamvu ithe, ndipo ndi ntchito yofuna munthu woidziwa.

Ikakuumirani muli pamsewu

Mabuleki amakhala alipo, chachoka ndi chithandizo chokha. Pondani kamodzi, mwamphamvu zanu zonse, osachotsa phazi. Kupopa kumene tinazolowera pa pedulo yofewa kumangomaliza vacuum yotsalayo. Tsitsani magiya limodzilimodzi, ndipo handibuleki muikoke pang'onopang'ono chala chili pa batani. Pa Toyota zambiri za dizilo nyali yofiira ya buleki imayakanso vacuum ikatsika, ndiye ikamaphethira pamtsetse fluid ali wodzaza, musaimate tepi. Chizolowezi chotsetsereka pa nyutulo pofuna kupulumutsa dizilo n'choipa kawiri: injini siikugwira galimoto, komanso pampu ikuzungulira pang'onopang'ono nthawi imene mukuponda buleki kwambiri. Kuzimitsa injini kumene ndiye kudzitchera msampha. Chimodzimodzi pokokedwa ndi chingwe injini itafa: uzani wokukokaniyo kuti mulibe booster, ayende ngati akuperekeza maliro.

Hilux ija ikadalipo, ndi booster yake yoyamba, imene tinaibwezera titaona kuti inalibe mlandu. Yogula ku Blantyre ili m'nyumba pansi pa bedi. Posintha oyilo ndimamasulanso bauti yoboola ija n'kuiyang'ana kudzuwa, ndipo ndisanayambe kutsika Chowe ndimaima pamwamba, n'kuponda pedulo kasanu motsatizana injini ikulira payokha, kenako n'kulowetsa giya yachiwiri.